Mafunso Anu: Maposita Akale a Mafilimu a Chihindi ndi a Chitamil

Ulendo uno tasankha makalata a owerenga amene achita chidwi ndi maposita ndi zinsalu zojambula pamanja zimene zinkaitanira anthu kumafilimu a Chihindi ndi a Chitamil m'dziko la India, kuyambira m'zaka za m'ma 1920 kufikira pamene makina a kompyuta anadzalanda ntchitoyi. Makalata ena tawafupikitsa. Mizinda iwiri imene itchulidwe kawirikawiri inasintha maina, Bombay kukhala Mumbai mu 1995 ndipo Madras kukhala Chennai mu 1996, choncho tizitchula dzina limene linkagwira ntchito pa nthawi imene tikukamba.

Funso: Akonzi, ndaona pa intaneti maposita a mafilimu a ku India a zaka za m'ma 1950, ndipo ndadabwa kuti ali ndi mitundu yowala kwambiri pamene mafilimu ake enieniwo analibe mtundu wina kupatula wakuda ndi woyera. Nkhope zina n'zobiriwira, zina n'zofiira kwambiri. Kodi ojambulawo sankadziwa kusakaniza utoto, kapena panali chifukwa chake? Ndine mphunzitsi wa zojambulajambula, ndipo ana a m'kalasi mwanga andifunsa zomwezi.

Yankho: Zikomo aphunzitsi. Ojambulawo ankaudziwa bwino utoto, ndipo ambiri mwa iwo akanatha kujambula nkhope ya munthu monga momwe ilili akanafuna kutero. Koma posita sinkapangidwa kuti munthu aziiyang'anitsitsa ataima m'chipinda chabata. Inkamatidwa pakhoma la m'mbali mwa msewu wodzaza ndi ngolo, njinga, mabasi ndi zikwangwani za amalonda ena, ndipo inkayenera kugwira diso la munthu wodutsa mofulumira n'kumuuza m'kanthawi kochepa kuti mufilimumo muli ndani, muli chikondi kapena nkhondo, ndiponso ngati n'koyenera kutulutsa ndalama ya tikiti. Kalembera wa mu 1951 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a ku India, pafupifupi 18 okha ndiwo ankadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo owerengawo anali a zilankhulo ndi zilembo zosiyanasiyana. Zimene aliyense akanamva popanda womasulira zinali nkhope ndi mtundu.

Pachifukwa chimenechi amisiri ndi anthu a mumsewu anazolowerana pa tanthauzo la mitundu, ngakhale kuti panalibe buku limene linalemba malamulo ake. Mnyamata wabwino wa m'nkhaniyo ndi mtsikana amene akumufuna ankapatsidwa khungu lowala, lapinki kapena lachikasu chofiirira, pamene munthu wankhanza ankamupaka zobiriwira kapena zabuluu wodera, ndipo kawirikawiri nkhope yake inkalendewera pamwamba pa anzakewo ngati mtambo wa mvula yamkuntho. Moto wofiira ndi wachikasu kumbuyo kwa anthuwo unkalonjeza ndewu ndi kubwezera. Kukula kwa nkhope nakonso kunali ndi tanthauzo, chifukwa wosewera wotchuka kwambiri ndiye ankatenga malo aakulu, ndipo mufilimu imene munali akatswiri atatu kapena anayi wojambula ankayenera kuyeza mosamala kuti pasapezeke wodandaula kuti wachepetsedwa. Komabe musawauze anawo kuti buluu nthawi zonse ndi chizindikiro cha kuipa, popeza m'zithunzi za chipembedzo cha Chihindu Krishna ndi Rama amajambulidwa ndi khungu labuluu, ndipo pa maposita a mafilimu ofotokoza nkhani za milungu mtundu womwewo unkasonyeza ulemerero.

Mwaonadi bwino kuti mafilimu ambiri a nthawiyo analibe mitundu. Filimu yoyamba ya Chitamil yokhala ndi mitundu kuyambira poyamba mpaka pomaliza inatuluka mu 1956, ndipo mafilimu opanda mitundu anapitirira kupangidwa mpaka kupyola zaka za m'ma 1960. Wojambula ankalandira zithunzi za kamera zakuda ndi zoyera, ndipo iye mwini ndiye ankasankha kuti chovala cha mtsikanayo chikhale chofiira kapena chachikasu. Oonerera ankadziwa kuti m'katimo sakapeza mitundu imeneyo, ndipo palibe amene ankaona kuti wanamizidwa.

Mizu ya kajambulidwe kameneka ndi yakale kuposa kanema. Raja Ravi Varma, amene anabadwa mu 1848 n'kumwalira mu 1906, ankajambula milungu ndi anthu a m'nthano za Chihindu ndi utoto wamafuta m'njira ya ku Ulaya, ndipo mu 1894 anatsegula makina osindikizira ku Bombay amene anafalitsa zithunzi zake m'nyumba za anthu wamba m'dziko lonselo. Dadasaheb Phalke, amene anapanga filimu yaitali yoyamba ya ku India mu 1913, anagwirapo ntchito yosindikiza ndi kampani imeneyo asanalowe m'mafilimu, ngakhale kuti filimu yakeyo inalengezedwa makamaka ndi mawu olembedwa m'nyuzipepala. Amene amatchulidwa kawirikawiri kuti anayambitsa posita yokhala ndi chithunzi ndi Baburao Painter wa ku Kolhapur, katswiri wojambula zinsalu za kumbuyo kwa ochita zisudzo, ndipo posita yake ya filimu ya Kalyan Khajina ya mu 1924 ili m'gulu la akale kwambiri amene atsala. Motero posita ya kanema inatengera zinthu ziwiri zimene anthu anali atazizolowera kale, chithunzi cha mulungu chopachika pakhoma ndi chinsalu cha pabwalo la zisudzo.

Funso: Akonzi, mwana wanga wamkazi amakonda kujambula, ndipo akufuna kudziwa ngati posita iliyonse inkajambulidwa payokhapayokha ndi burashi. Ngati zinali choncho, ankakwanitsa bwanji kudzaza makoma a dziko lalikulu chotero?

Yankho: Mayi, pali ntchito ziwiri zosiyana zimene anthu amaziphatikiza, ngakhale ogulitsa zinthuzi amene. Yoyamba ndi posita yapapepala. Imeneyi wojambula ankaijambula kamodzi kokha pakatoni yolimba, ndipo chithunzi chakecho chinkapita kwa osindikiza amene ankatulutsa makope masauzande ambiri. M'zaka zoyambirira ankasindikiza pogwiritsa ntchito mwala wosalala, njira imene Alois Senefelder anatulukira ku Germany mu 1796. Chinsinsi chake n'chakuti mafuta ndi madzi sizigwirizana: mmisiri amajambula pamwalapo ndi choko chamafuta, kenako amanyowetsa mwalawo, ndipo inki ikapakidwa imakakamira pamene pali mafuta pokha n'kukana pamene pali madzi. Mtundu uliwonse unkafuna mwala wakewake, kapena chitsulo chopyapyala cha zinki chimene chinadzalowa m'malo mwa mwala, ndipo pepala limodzi linkadutsa m'makina kangapo. N'chifukwa chake pa maposita ena akale mudzaona kuti utoto wa milomo wasemphana pang'ono ndi milomo yeniyeniyo, poti pepala linasuntha pakati pa mtundu wina ndi unzake.

Posita yofala kwambiri inali ya mainchesi 30 m'lifupi ndi 40 m'litali, ndipo zikuluzikulu zinkapangidwa polumikiza mapepala angapo pakhoma. Pepala lake linali lopyapyala ndi lotsika mtengo, chifukwa linkangoyenera kukhala milungu yowerengeka lisanakwiriridwe ndi posita ya filimu ina. Kum'mwera kwa dzikolo, tauni ya Sivakasi m'chigawo cha Tamil Nadu, imene imadziwikanso ndi mafakitale a machesi ndi makombola, inasanduka likulu la ntchito yosindikiza makalendala ndi maposita.

Ntchito yachiwiri ndi ya zinsalu zikuluzikulu zimene zinkapachikidwa kutsogolo kwa nyumba zoonetsera kanema ndi m'mphambano za misewu, ndipo izi ndizo zinkajambulidwadi chimodzichimodzi ndi burashi. Nsalu yathonje inkakungidwa pamafelemu a matabwa n'kupakidwa guluu wosakaniza ndi choko kuti isamwe utoto. Kenako ankatenga chithunzi chaching'ono cha kamera n'kuchilemba mizere yopingasana kuti chigawike timabokosi, ndipo pansalupo ankalembanso mabokosi ochuluka chimodzimodzi koma aakulu, kotero kuti zimene zili m'kabokosi kalikonse ankazikopera m'bokosi lake lalikulu. Pambuyo pake amisiri ena, makamaka a ku Madras, anayamba kuwalitsa chithunzicho pansalu ndi pulojekita mumdima n'kumalondola mizere yake. Utoto unkagulidwa waufa n'kusakanizidwa ndi mafuta a njere za linseed. Ntchito inali yogawana: wophunzira ankayamba ndi kutsuka maburashi ndi kusakaniza utoto, akakhwima pang'ono ankapatsidwa thambo ndi zovala, wina anali katswiri wa zilembo, ndipo mwini luso ankabwera pomalizira kudzajambula nkhope, makamaka maso, popeza anthu akalephera kuzindikira wosewera amene amamukonda, ntchito yonseyo inali itapita pachabe. Zonsezi zinkachitika m'masiku owerengeka, chifukwa mafilimu atsopano ankatuluka Lachisanu, kapena pa zikondwerero zikuluzikulu monga Deepavali ndi Pongal, ndipo tsikulo silinkasunthidwa chifukwa choti utoto sunaume.

Filimu ikachotsedwa, nsaluyo inkapakidwanso choko kuti ilandire nkhope zina, kapena inkagulitsidwa kwa anthu osauka amene ankafolera nayo madenga. Mwana wanu angathe kuyesa njira ya timabokosiyo ndi pensulo ndi rula basi. Akayang'anitsitsa zithunzi za zinsalu zoterezi adzaonanso kuti patsaya limodzi pali mizere ya utoto wobiriwira, wofiirira ndi wachikasu yosasakanizidwa n'komwe, imene imagwirizana yokha m'diso la munthu woima patali, ndipo phunziro limeneli ndi lalikulu kuposa la timabokosi.

Funso: Akonzi, ine kuyambira ndili mwana ndimangoti onsewo ndi mafilimu a Chimwenye. Kodi palidi kusiyana pakati pa maposita a Chihindi ndi a Chitamil, kapena n'zilembo zokha zimene zimasiyana?

Yankho: Achimwene, kusiyana kulipo, ndipo amene amaunjika zonse pamodzi n'kumazitcha Bollywood amalakwira anthu a kum'mwera. Mafilimu a Chihindi likulu lake linali Bombay. A Chitamil oyambirira kukhala ndi mawu ankakapangidwira m'mizinda ina monga Bombay ndi Calcutta kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, koma anadzakhazikika kum'mwera kwa dzikolo, ku Madras, makamaka m'dera la Kodambakkam, komanso ku Salem ndi ku Coimbatore.

Filimu ya ku Bombay inkagulitsidwa m'dziko lonse ndi kunja komwe, choncho mphamvu yake inali papepala limene likanatha kupindidwa n'kutumizidwa pasitima kupita kutali. Dzina la filimu kawirikawiri linkalembedwa katatu, m'zilembo za Chingerezi, za Devanagari (zolembera Chihindi) ndi za Chiurdu, kuti aliyense wodziwa kuwerenga apezepo zake. Ojambula a kumeneko anali akatswiri pofinya nkhani ya maola atatu kuti ikhale chithunzi chimodzi chosaiwalika. Pa posita ya Mother India ya mu 1957, Nargis wasenza pulawo yamtengo, nkhope itakwinyika ndi ululu, ndipo munthu safunikira kuuzidwa kuti nkhaniyo ndi ya mayi wa kumudzi amene banja lonse lili pamapewa ake. Chithunzi cha Raj Kapoor atagwira vayolini kudzanja limodzi, Nargis atatsamira chagada pamkono winawo, chochokera mu Barsaat ya mu 1949, chinasanduka chizindikiro cha kampani yake ya R. K. Films. Zilembo za dzina la Sholay ya mu 1975, zimene C. Mohan anazijambula zooneka zosemedwa pathanthwe long'aluka, zazitali kumapeto konse ndi zopanikizika pakati, zinakopedwa ndi olemba zikwangwani kwa zaka zambiri pambuyo pake.

Ku Madras chimene ankapikisana nacho chinali kukula. S. S. Vasan, mwini wa Gemini Studios ndiponso wa magazini ya Ananda Vikatan, anali wodziwa kutsatsa malonda asanalowe n'komwe m'mafilimu, ndipo potulutsa Chandralekha mu 1948 anadzaza nyuzipepala ndi makoma ndi zithunzi pamlingo umene anthu anali asanauonepo, kenako anachitanso chimodzimodzi ku Bombay atapita nayo filimuyo m'Chihindi. K. Madhavan, amene ankajambulira Gemini, amakumbukiridwa monga tate wa zinsalu za kanema mumzindawo. M'zaka zotsatira msewu waukulu wa Mount Road, umene lero ukutchedwa Anna Salai, unadzaza mbali zonse ndi zinsalu zophimba nyumba zoyandikana nazo, ndiponso zifanizo za munthu wathunthu zodulidwa pamatabwa a pulayiwudi n'kuimikidwa pamitengo yomangidwa ndi zingwe, zina zofika msinkhu wa nyumba zosanja kangapo. Magulu a otsatira osewera otchuka M. G. Ramachandran ndi Sivaji Ganesan ankapikisana poveka zifanizozi nkhata zamaluwa, ndipo mwambo wothira mkaka pachifanizo cha wosewera pa tsiku lotulutsa filimu, umene unatengedwa ku zochitika za m'kachisi, ukadalipo mpaka lero pa mafilimu a anthu monga Rajinikanth.

Chimene ku Bombay kunalibe pamlingo wotere ndi mgwirizano wa kanema ndi ndale. Chipani cha DMK, chimene C. N. Annadurai anakhazikitsa mu 1949, chinali ndi alembi a mafilimu mu utsogoleri wake, ndipo M. Karunanidhi ndiye analemba mawu a Parasakthi ya mu 1952, filimu yoyamba ya Sivaji Ganesan. Mitundu ya chipanicho, wakuda ndi wofiira, pamodzi ndi dzuwa lotuluka limene ndi chizindikiro chake, zinkalowetsedwa mwadala m'mafilimu a Ramachandran. Iye atayambitsa chipani chakechake mu 1972 n'kukhala nduna yaikulu ya Tamil Nadu kuyambira mu 1977 mpaka imfa yake mu 1987, amisiri amene ankamujambula atagwira lupanga ndi omwewo amene ankamujambula atavala chipewa chake chaubweya ndi magalasi akuda pamisonkhano ya ndale. Jayalalithaa, amene anasewera naye m'mafilimu ambiri asanakhale nduna yaikulu mu 1991, anaimikiridwa zifanizo zitalizitali zimene zinatchuka m'dziko lonselo.

Mmene ine ndikuonera, luso la ku Madras ndilo linali lolimba mtima kwambiri, koma ndilonso linatayika kwambiri, popeza pepala limatha kubisala m'bokosi zaka 60 pamene thabwa lalitali chotero lilibe posungira filimu ikatha. Chifukwa cha zimenezi, amalonda ndi osonkhanitsa zinthu zakale masiku ano amatamanda kwambiri za ku Bombay, si kuti n'zoposa, koma poti ndizo zilipo zoti n'kugulitsa.

Funso: Akonzi, kodi n'zoona kuti wojambula wina wotchuka padziko lonse anayambira pa zikwangwani za kanema?

Yankho: N'zoona, bambo. M. F. Husain, amene anabadwa mu 1915, atafika ku Bombay m'zaka za m'ma 1930 ankadya za kujambula zinsalu za mafilimu, ndipo ankalipidwa ma anna owerengeka malinga ndi kukula kwa nsalu, pa nthawi imene ma anna 16 ndiwo ankapanga rupee imodzi. Mu 1947 anakhala mmodzi wa oyambitsa gulu la Progressive Artists' Group pamodzi ndi F. N. Souza ndi S. H. Raza, ndipo anamwalirira ku London mu 2011. Mu 2025 chithunzi chake china chinagulitsidwa ku New York pamtengo wopitirira madola 13 miliyoni. Aliyense woona mizere yake yothamanga ndi kusaopa kwake malo aakulu angathe kuona kumene dzanja lakelo linakulira.

Koma nkhani ya Husain imakambidwa mopitirira muyeso, ngati kuti ubwino wa ntchito ya maposita unali woti munthu adutsiremo popita kwina. Alipo amene anakhalamo moyo wawo wonse ndipo ndiwo anaikweza. S. M. Pandit ankajambula zikuto za magazini ya Filmindia ndi maposita asanatembenukire ku makalendala a milungu. G. Kamble wa ku Kolhapur anajambula zinsalu zikuluzikulu za Mughal-e-Azam mu 1960, ndipo D. R. Bhosle anajambula maposita a Guide ya mu 1965. Diwakar Karkare anatchuka ndi njira yopaka utoto wochindikala pamwamba pa chithunzi cha kamera pogwiritsa ntchito kampeni kopakira utoto m'malo mwa burashi, ndipo nkhope yaukali ya Amitabh Bachchan imene anthu amaikumbukira pa posita ya Deewaar ya mu 1975 inatuluka m'manja mwake. Ambiri a anzawo sankasaina n'komwe, ndipo pamene pali dzina limakhala la situdiyo, lolembedwa timalemba ting'onoting'ono pakona.

Funso: Akonzi, ndapeza munthu pa intaneti amene akugulitsa posita ya filimu ya Chihindi ya mu 1960, ndipo akuti ndi yeniyeni ya chaka chomwecho. Ndingadziwe bwanji kuti sakundinamiza, ndipo ndikagula ndiisunge motani?

Yankho: Mayi, mawu akuti yeniyeni amabisa zinthu zitatu. Pali posita imene inasindikizidwa filimu ikutuluka koyamba, ndipo imeneyi ndiyo yosowa ndi yokwera mtengo. Pali imene inasindikizidwa filimuyo ikubwerezedwa m'nyumba za kanema patapita zaka 10 kapena 20, chifukwa ku India filimu yokondedwa inkabwerera mobwerezabwereza ndipo ogawa mafilimu a m'zigawo zosiyanasiyana ankasindikiza maposita awoawo. Imeneyi ndi yakale ndithu, koma si ya chaka chimene wogulitsayo akunena. Ndiye pali yokopera ya masiku ano, imene ena amaidetsa dala kuti ioneke yokalamba. Chitsanzo chosavuta ndi Mughal-e-Azam, imene mu 1960 inatuluka yakuda ndi yoyera kupatula zigawo zochepa, ndipo mu 2004 inatulutsidwanso yonse itaikidwa mitundu ndi kompyuta. Posita yolengeza kuti filimu yonseyo ndi ya mitundu singakhale ya mu 1960.

Pemphani wogulitsayo akutumizireni zithunzi za m'mphepete mwa pepala, chifukwa m'munsimo ndimo mumakhala dzina la osindikiza ndi la ogawa filimu, ndipo akutumizireninso chithunzi cha kuseri kwake. Pepala lakale limakhala lopyapyala, lofiirira ndi ukalamba mbali zonse ziwiri, ndipo kawirikawiri limakhala ndi mizere ya mopindidwa popeza maposita ankatumizidwa atapindidwa. Pepala lochindikala, lonyezimira ndi loyera mbee kuseri likuchenjezeni. Mukakhala nayo m'manja iyang'aneni ndi galasi lokulitsira zinthu: yosindikizidwa pamwala imaonetsa utoto wosalala wokhala ndi timadontho tosalongosoka ta choko, ya makina a offset imaonetsa timadontho tondandalikidwa bwino mozungulira, pamene ya makina a inkjet imaonetsa fumbi la timadontho tomwazikana. Ku Mumbai msika wa Chor Bazaar ndi wotchuka ndi malonda amenewa, ndipo mitundu itatu yonseyo imapezeka kumeneko, nthawi zina mulu umodzi. Dziwaninso kuti lamulo la India la mu 1972 loteteza zinthu zamakedzana limaletsa anthu wamba kutulutsa m'dzikolo zinthu zopitirira zaka 100, ndiponso zolemba ndi zikalata zofunika pa mbiri zopitirira zaka 75, choncho pa posita yakale kwambiri funsani za chilolezo musanalipire.

Pa kasungidwe, adani ake ndi dzuwa, chinyezi, chiswe ndi njenjete, koma woopsa kuposa onsewa ndi mwiniwake wofuna kukonza. Musamate selotepi pamene pang'ambika, chifukwa guluu wake amalowerera m'pepala n'kusiya banga losachoka, ndipo musaikute ndi pulasitiki yomatira ndi moto, popeza zimenezo sizibwezeka. Igonekeni yotambasula pakati pa mapepala opanda asidi, pamalo ouma ndi amdima. Mukafuna kuipachika, galasi lisakhudze pepalalo ndipo khomalo lisakhale lowombedwa ndi dzuwa. Akatswiri okonza mapepala akale amaimata pansalu ndi guluu wotha kusungunuka ndi madzi, ndipo ntchito imeneyo ndi yofunika kuwasiyira iwowo.

Funso: Akonzi, kodi ntchitoyi inatha liti, ndipo zotsalazo munthu angakazione kuti?

Yankho: Inatha pang'onopang'ono, bambo. Papepala, zithunzi za kamera zamitundu zinayamba kulowa m'malo mwa burashi m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Zinsalu zinapirira kwa nthawi ndithu, koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kunabwera makina osindikiza pansalu yapulasitiki, amene ankamaliza m'maola ochepa ntchito imene gulu la amisiri linkagwira masiku angapo. Ku Chennai kunagwanso nkhani ina mu Epulo 2008, pamene khoti lalikulu kwambiri la India linagwirizana ndi malamulo a boma la Tamil Nadu oletsa zikwangwani zopanda chilolezo ndi zoika anthu pangozi, ndipo zikwangwani zambirimbiri zinagwetsedwa. Nyumba ya kanema ya Alfred Talkies ku Mumbai inali m'gulu la zomalizira kupachika zinsalu zojambula pamanja. Chodabwitsa n'chakuti nthawi imene ntchitoyi inkafa mumsewu ndi imenenso inayamba kulemekezedwa m'nyumba zosungira zinthu zakale, ndipo mu 2002 Victoria and Albert Museum ya ku London inachititsa chionetsero chachikulu cha maposita a mafilimu a ku India.

Zotsalazo zambiri zili ku National Film Archive of India mumzinda wa Pune, imene inakhazikitsidwa mu 1964 ndipo P. K. Nair anaitumikira zaka zambiri. Ku Mumbai kuli Film Heritage Foundation, imene Shivendra Singh Dungarpur anayambitsa mu 2014, komanso National Museum of Indian Cinema imene inatsegulidwa mu 2019. Ofuna za Chitamil apite ku Roja Muthiah Research Library ku Chennai, imene inatsegulidwa mu 1994 ndi mabuku ndi mapepala amene anasonkhanitsidwa ndi Roja Muthiah, amene iye mwini anali wolemba zikwangwani, ndipo ili ndi timabuku tambiri ta nyimbo za m'mafilimu timene tinkagulitsidwa kwa oonerera. Mapepala amenewa ndi ofunika kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa mwa mafilimu opanda mawu oposa 1,300 amene anapangidwa ku India atsala osakwana 30, ena mwa iwo zidutswa chabe. Alam Ara, filimu yoyamba ya ku India kukhala ndi mawu, ndi Kalidas, yoyamba yolankhula Chitamil, zonse za mu 1931, zinatayika, ndipo ofufuza amadalira zithunzi, zidziwitso za m'nyuzipepala ndi mapepala otsatsira kuti adziwe mmene zinkaonekera.

Funso: Akonzi, ndimasindikiza zithunzi pamalaya. Kodi ndingatenge posita yakale ya ku India pa intaneti n'kumaigulitsa pamalaya, poti eni ake anamwalira kalekale?

Yankho: Musafulumire, achimwene. Malinga ndi lamulo la India la mu 1957 loteteza umwini wa ntchito zaluso, chithunzi chojambula chimatetezedwa kwa zaka 60 kuchokera pamene wojambulayo wamwalira, ndipo filimu imatetezedwa kwa zaka 60 kuchokera pamene inatuluka. Kwa ambiri mwa ojambula amene tawatchula pamwambapa, zaka 60 sizinakwane chimwalirireni, ndipo umwini wa posita kawirikawiri unkakhala wa kampani imene inalamula ntchitoyo, kapena wa amene anagula katundu wa kampaniyo pambuyo pake. Kukhala ndi pepalalo m'manja, ngakhale mutaligula ndi ndalama zambiri, sikukupatsani ufulu wolichulukitsa. Lemberani kampani imene ili ndi umwini wa filimuyo kuti ikupatseni chilolezo, ndipo mufunsenso loya za malamulo a dziko limene mukufuna kugulitsako malayawo, chifukwa zaka za chitetezo zimasiyana dziko ndi dziko.